Wosuma ndine, nanga mukufunsiranji ine?

Envelopu ija inali yonenepa, yolemera m'manja. Ndinaitsegula chiimirire kukhitchini, jekete ndisanavule n'komwe, mtima ukundiuza kuti eni thiraki aja avomera kulakwa ndipo nkhani yatha. M'katimo munalibe cheke. Munali mapepala okhaokha, pamwamba dzina la khothi, dzina langa, nambala ya mlandu, kenaka liwu limene ndinali ndisanalionepo chibadwire: interrogatories. Kumunsi kwake kunali mafunso ondandalikidwa ndi manambala, 1 mpaka 25. Kakalata ka loya wanga kanali ka mizere itatu basi. Awa ndi mafunso ochokera kwa amene mwawasumira. Muyankhe onse molemba, osasiyako. Tili ndi masiku 30.

Ndinakoka mpando n'kukhala. Wogundidwa ndine. Galimoto imene inasanduka chitini chophwanyika ndi yanga, msana umene ukundidzutsa pakati pa usiku ndi wanga, wosuma ndine. Nanga bwanji oyamba kufunsa akhale iwowo, ine n'kumayankha ngati andigwira ndi mbuzi yakuba?

Ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, kumene Amalawi tilipo ambiri ndithu moti pa zovuta kapena pa chinkhoswe nsima siisowa woivundula. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba: kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwatembenuza pabedi kuti asachite zilonda. Ndi ntchito ya msana. M'mawa wina m'nyengo yozizira, chipale chochokera kunyanja ya Michigan chitakuta msewu wonse, ndinaima pa maloboti, thiraki n'kubwera kumbuyo osaima. Pa ngoziyo sindikhalitsapo. Ndinatuluka ndekha m'galimoto, ndinayenda, ndinalankhula ndi wapolisi. Ululu weniweni unayamba tsiku lachitatu.

Kwathu timati mlandu suola. Kuno umaola. Ku Indiana ukavulazidwa uli ndi zaka ziwiri zokha zoti ukasume, zikadutsa khomo latsekeka. Ndiye ndinapeza loya, wa mtundu uja wosalipiritsa poyamba koma wodzatapako gawo limodzi mwa magawo atatu a chipukuta misozi chikadzabwera. Tinasuma kukhothi la m'chigawo. Koma poti kampani ya thirakiyo ndi ya chigawo china, ndiponso ndalama zimene tinkafuna zinkaposa madola 75,000, maloya awo anasamutsira mlandu kukhothi la boma lalikulu la America, lamulo likuwalola kutero. Kumeneko milandu ya pakati pa anthu, yosakhudza upandu, imayendera buku limodzi la malamulo lotchedwa Federal Rules of Civil Procedure, limene linayamba kugwira ntchito mu 1938. Mafunso anga aja anatuluka mu lamulo nambala 33 la m'bukumo.

Ine milandu ndinaidziwira pabwalo la amfumu, ndili kamtsikana, nditabisala kumbuyo kwa azimayi. Wodandaula ankaimirira n'kuyala nkhani yake, woyankha n'kuyalanso yake, nduna n'kumafunsa apa ndi apo, dzuwa likamapendeka nkhani yagamulidwa, nkhuku kapena mbuzi yatchulidwa. Palibe ankafunsa wodandaula kuti unabadwira kuti, kapena kuti mwendo ukuti wathyokawu sunathyokepo kale. Ankadziwa. Mudzi wonse unalipo tsiku limene anagwa mumtengo wa mango. Kuno palibe akukudziwa. Jaji sakukudziwa, loya wa mnzako sakukudziwa, ngakhale loya wako wakudziwira pa fomu. N'chifukwa chake mlandu usanazengedwe pamakhala nyengo yaitali, miyezi yambirimbiri, imene amaitcha discovery, yoti mbali iliyonse ipise m'thumba la inzake n'kuona zili m'menemo, kuti tsiku la mlandu pasadzatumphuke chodzidzimutsa. Ndipo tsikulo kawirikawiri silifika n'komwe: m'makhothi a boma lalikulu, milandu yotere imene imakafika pozengedwa siikwana iwiri pa 100 iliyonse. Yambiri imathera m'mapepala omwewa. Ndiye kuti kukhitchini kwanga kuja, cholembera chili m'manja, ndinali kale m'bwalo, kungoti sindinkadziwa.

Malamulo ake ndi ochepa koma saseka ndi munthu. Mafunso asapitirire 25, pokhapokha jaji atalola kapena mbali ziwirizo zitagwirizana. Malire amenewa anawaika mu 1993, maloya atazolowera kukwirira anzawo ndi mafunso osawerengeka. Ofunsidwa ndi eni mlandu okha, mboni wamba ayi. Funso lililonse liyankhidwe palokha, mokwanira, molemba, ndiponso molumbira. Siginecha ya pansi pa mayankho ndi yako iwe mwini, loya amangosainira zimene wakana kuti uyankhe. Ukakhala chete, a mbali inayo amayamba akukumbutsa, kenaka amakanena kwa jaji, jaji n'kulamula kuti uyankhe, mwinanso kuti ulipire ndalama zimene mnzako wataya pokukakamiza. Ukapitiriza kuuma mutu angathe kuutaya mlandu wako wonse. M'envelopu momwemo munalinso pepala lina loopsa kuposa, la lamulo nambala 36, lodzaza ziganizo zoyamba ndi "vomerani kuti". Limeneli ukalisiya pa tebulo masiku 30, lamulo limatenga kuti wavomera zonse. Chete wako amasanduka inde.

Funso loyamba ndinaliseka. Tchulani maina onse amene munadziwikapo nawo. Onse? La pa pasipoti, la pa ubatizo, limene agogo anandipatsa potuluka m'chikuta, mfunda wanga, la bambo a mwana wanga limene ndinalisenza zaka zisanu n'kulitula, ndi lija la "make a uje" limene Kawale yense amandidziwa nalo. Loya anati a m'mapepala okha akwana. Lachiwiri linkafuna adiresi ya paliponse pamene ndakhalapo m'zaka khumi zapitazo, ndipo zaka khumi zinkandibwezera ku Lilongwe. Nyumba ya ku Kawale ija munthu ankaipeza potsika minibasi pa siteji, n'kulowera kuseri kwa chigayo, geti yobiriwira. Ndinalemba momwemo. Mlembi wa loya anaimba foni kufunsa ngati chigayocho ndi dzina la msewu.

Kuseka kunathera pakati pa tsamba lachitatu. Tchulani dokotala aliyense, chipatala chilichonse ndi wina aliyense amene anakupatsanipo chithandizo m'zaka khumi zapitazi, tsiku lake ndi chifukwa chake. Lotsatira lake: kodi munavulalapo kapena kumvapo ululu m'chiwalo chimene mukuti chinavulala pa ngoziyi?

Ndinavulalapo. Kutatsala chaka kuti ndibwere kuno ndinagwa pa kabaza, mvula itangokata, ndikupita kumudzi ku Dedza. Msana unandigoneka milungu itatu. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anandipatsa panado ndi bulufeni. Zitachedwa kusintha, amayi ananditengera kwa agogo ena a kutsidya kwa dambo, amene ananditema mphini m'chiuno, mizere iwiri mbali iyi, iwiri mbali inayo, n'kutikitamo mankhwala akuda. Ndinachira. Kaya anandichiza ndi bulufeni, kaya mphini, kaya masiku chabe, adziwa ndi Mulungu. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti ndanyamula anthu akuluakulu kuno zaka zonsezi osamva kanthu.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinauzako amayi ena amene ndimawakhulupirira. Anandikokera pambali, pafupi ndi pokolekera majekete. "Achemwali, za kumudzi zisiyeni kumudzi. Azunguwa adziwa bwanji za kabaza wa ku Dedza? Mukangolemba, anena kuti msanawo munakwera nawo ndege, simuonako ngakhale kobiri." Sankandinamiza. Funsolo cholinga chake n'chomwecho. Loya wa kampani salipidwa kuti andimvere chisoni. Amalipidwa ndi a inshuwalansi kuti apeze kuti ululu wangawu unali kale ndi mwini wake thiraki isanabwere.

Ndinagona nazo masiku anayi, kenaka ndinapita kwa loya ndi malo a funsolo ali mbee. Ndi mayi wachikulire, wosathamanga polankhula. Anayang'ana pepala, n'kuyang'ana ine, n'kufunsa ngati pali chimene ndikuopa kulemba. Ndinawauza zonse, za kabaza mpaka za mphini. Sanadabwe kapena kuseka. Anangofunsa funso limodzi: kodi pamene anakutemanipo pali zipsera? Zilipo, ndinatero. "Ndiye tamverani. Lamulo nambala 35 likuwalola kupempha jaji kuti dokotala wosankha iwo akupimeni, ndipo pa mlandu wa msana adzapempha ndithu. Adzakuuzani kuti mukweze bulauzi, adzaona zipserazo, adzafunsa. Kuyambira tsiku limenelo mlandu sudzakhalanso wa thiraki. Udzakhala wa bodza lanu."

Kenaka anandiuza chimene amayi a kutchalitchi aja sankadziwa. Lamulo silifuna kuti wovulazidwa akhale watsopano wa m'sitolo. Munthu akakuvulaza pamalo pamene panali kale pofooka, amalipira zimene iye waonjezerazo, sangathawire poti unali kale ndi chilema. Msana umene unachira n'kugwira ntchito yonyamula anthu zaka zambiri popanda kujomba ndi umboni pawokha. Koma amene wagwidwa akunama atalumbira, ngakhale pa kanthu kakang'ono, sakhulupiriridwanso pa china chilichonse.

"Nanga agogo a mphini aja, ndiwalembe pamodzi ndi madokotala?"

"Anakhudza msana wanu pofuna kukuchizani? Alembeni."

Dzina lawo lenileni sindinkalidziwa, tinkangowatchula ndi mfunda, ndipo anatisiya kalekale. Tinalemba zomwezo: amadziwika ndi dzina lakuti, mudzi wakuti, anamwalira.

Chinatsala ndi tsiku. Apa ndinakumbukira buku la kuchipatala, lija aliyense kwathu amayenda nalo, limene adokotala amalembamo n'kukubwezera. Ndinaimbira amayi m'mamawa, kwawoko kuli masana.

"Amayi, buku langa la kuchipatala lija mudakali nalo?"

"La chiyani mwanawe, wadwalanso?"

"Ayi, akulifuna a khothi."

Panali zii. Ndinamva nkhuku ikulira kumbuyo kwawo. "Khothi? Walakwanji iwe?"

Funso langa lomwe lija, kungosintha pakamwa. Zinanditengera nthawi kuwafotokozera kuti wosuma ndine, ndipo mpaka lero sindikhulupirira kuti anamvetsa chifukwa chimene wosuma angaitanitsidwe mabuku. Koma bukulo analipeza, m'sutikesi ya pansi pa bedi, pamodzi ndi khadi la ubatizo ndi malipoti a kusukulu, chikuto chake mphemvu zitadya m'mbali. Mlongo wanga anajambula tsamba ndi tsamba n'kutumiza pa WhatsApp. Zolemba za adokotala zinali zokhotakhota monga mwa nthawi zonse, koma tsiku linkaoneka bwinobwino. Loya wanga analiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti akadakonda odwala onse a ku America akadamasunga okha mbiri yawo chonchi.

Panali funso lina limene linandiphunzitsa kuti chizolowezi cha pakamwa chingathe kukudyera ndalama. Lembani chilichonse chimene munanena kwa wina aliyense pamalo a ngozi. Dalaivala wa thiraki atatsika anathamangira kwa ine, n'kuterereka pa chipale, n'kugwa chagada. Ine, galimoto yanga itaphwanyika, ndinamuuza kuti pepani. Atadzuka anafunsa ngati ndavulala, ine n'kuyankha kuti ndili bwino. Nanga ndikadati chiyani? Tinaleredwa choncho. Munthu ali gone pa mphasa, malungo atamufinya, ukamufunsa amati ndili bwino pang'ono, kaya inu. Ndipo pepani wa kwathu si kuvomera kulakwa. Mnzako akapunthwa patsogolo pako umati pepani ngakhale mwalawo sunauike ndiwe. Koma m'Chingerezi, pa pepala la khothi, mawu awiriwo amamveka ngati munthu wosavulala amene akudziwa kuti walakwa. Ndipo ku Indiana zimenezi zili ndi mtengo wake. Kulakwa amakugawa pa 100: ukapezeka kuti unalakwako 20, chipukuta misozi chako amachidula ndi 20 yemweyo, ndipo gawo lako likapitirira 50 supeza kanthu. Tinalemba mawuwo monga ndinawanenera, n'kuonjezera chiganizo chimodzi chofotokoza kuti pepaniyo anali wa kugwa kwa dalaivala.

Koma lowawa koposa silinali la mphini kapena la pepani. Linali lakuti nditchule chilichonse chimene ndinkachita kale koma tsopano sindingathe. Poyamba ndinalemba mzere umodzi, wakuti ndikuyesetsa ndipo Mulungu akundithandiza. Loya anabweza. Anati zimenezo n'zoona koma si yankho. Ndinakhala usiku wonse ndikuwerenga zimene ndataya, chinthu chimene munthu wolera ana sachita, chifukwa ukayamba kuwerenga sudzuka m'mawa. Sindingawerame kutsuka mapazi anga. Sindingavundule nsima ya anthu opitirira anayi. Sindingabereke mwana wa mng'ono wanga kumbuyo. Sindingagwade popereka moni kwa akuluakulu, ndimangopinda mawondo pang'ono ngati mwana wosaleredwa. Kukwaya ndimaimba chokhala. Nditamaliza ndinalira kulira kumene sindinalire tsiku la ngozi. Kudandaula kwathu ndi manyazi. Kuno chimene sunachilembe ndiye kuti sichinachitike.

Sikuti tinayankha zonse. Apa ndi pamene ndinaona ntchito ya loya. Funso lina linali ndi ana ake m'mimba, a, b, c mpaka kutsikira kumunsi, ena osagwirizana n'komwe ndi make wawo. Lamulo limati ana oima paokha awerengedwe ngati mafunso, ndiye loya anawerenga, n'kupeza kuti 25 anaidutsa kalekale, n'kulemba kuti otsalawo sitiyankha. Lina linkafuna mapasiwedi anga a Facebook. Tinakana, n'kupereka zithunzi ndi zolemba zokhudza thanzi langa zokha, poti kuyambira mu 2015 lamulo limanena poyera kuti chofunsidwa chilingane ndi kukula kwa mlandu. Kukana kumeneku kuyenera kulembedwa ndi chifukwa chake chenicheni, m'masiku 30 omwewo, apo ayi mwayi wokana watayika.

Lina linkafuna zimene loya wanga analemba pocheza ndi mboni. Anamwetulira, n'kundisimbira nkhani imene ati aliyense wophunzira malamulo kuno amaidziwa. Mu 1943 bwato lokoka zombo linamira mumtsinje wa Delaware ku Philadelphia, anthu asanu mwa asanu ndi anayi n'kufa. Loya wa eni bwato anathamanga kukacheza ndi opulumuka n'kulemba zimene ananena. A mbali ya mmodzi wa omwalirawo anatumiza mafunso 39, ndipo la 38 linkafuna zolembazo. Loyayo anakana, jaji n'kulamula kuti atsekeredwe mpaka atapereka. Nkhani inakwera mpaka kukhothi lalikulu la dziko lonse, limene mu 1947, pa mlandu wa Hickman v. Taylor, linagamula kuti mbali iliyonse ili ndi ufulu wodziwa zimene zinachitika, koma osati wokolola m'munda umene loya wa mnzake walima pokonzekera mlandu. Kuyambira pamenepo mpanda umenewo ulipo.

Ndipo linalipo funso limene ambiri a ife timaliopa kuposa thiraki: la mapepala okhalira m'dziko. Anga ali bwino, koma loya anakanabe, ati silikukhudzana ndi amene anagunda mnzake pa maloboti. Ndikulitchula chifukwa ndikudziwa abale amene anavulala pa ntchito n'kungokhala chete poopa funso limeneli. Mu 2017 khothi lalikulu la Indiana linagamula kuti munthu wopanda mapepala angathe kusumira ndalama zimene sadzathanso kupeza chifukwa chovulala, ndiponso kuti nkhani ya mapepala ake isalowe mu umboni pokhapokha mbali inayo itasonyeza kuti mpata woti athamangitsidwa m'dziko ndi waukulu kuposa woti atsala. Chigawo chilichonse chili ndi zake, choncho funsani loya wa kumene muli. Achibale a ku Britain nawonso asadabwe ngati liwu la interrogatories sanalimvepo: ku England analisiya mu 1999 pamene anasintha malamulo a milandu yotere, ndipo tsopano amangopempha mnzawo kuti afotokoze moonjezera.

Ifenso tinawatumizira athu 25. Dalaivala anali atayendetsa maola angati, poti lamulo la boma lalikulu silimulola kupitirira 11 asanapume? Mabuleki anawaona liti, anawaona ndani? Mayankho awo anabwera atavala zokana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo pena ankangoti yankho lili m'mafailo athu, nawa, fufuzani nokha, zimene lamulo limalola kampani kuchita. Apa ndiye pali dandaulo langa ndi dongosolo lonseli. Pa pepala n'lofanana, 25 kwa 25, masiku 30 kwa masiku 30. Koma iwo amayankhidwira ndi anthu amene ntchito yawo ndi yomweyo, olipidwa pa ola. Ine ndinkayankha usiku, ndi botolo la madzi otentha pamsana, kuvula moyo wanga wonse pamaso pa anthu amene sanandiuze ngakhale pepani. Nanga amene alibe loya, Chingerezi chake n'chapakatikati, envelopu yafikira ku adiresi yakale? Ameneyo mlandu umamuthera asanadziwe kuti wayamba. Komabe sindinganene kuti ndikadakonda mafunsowo pakadapanda. Ndi m'mayankho awo okanakana omwewo mmene munatuluka mzere umodzi wakuti m'thirakimo munali kamera yoyang'ana kutsogolo. Pabwalo la amfumu mboni ikadakhala mudzi. Kuno inali kamera, ndipo popanda funso lolumbiritsa palibe akadaitchula.

Mayankho saumanso ukasaina. Lamulo limati china chikasintha, kapena ukakumbukira chimene unasiya, uonjezere. Ine ndinaonjezera kamodzi, nditavina pang'ono pa chinkhoswe cha mwana wa mnzanga, wina n'kuika vidiyo pa Facebook. Ndinaimbira loya m'mawa mwake. Tinalemba kuti ndinavina nyimbo imodzi ndipo ndinagona masiku awiri.

Mlandu wanga sunafike pozengedwa. Unathera kwa mkhalapakati, ndipo ndalama zake sindingatchule, ndinasainira kuti ndisatchule. Koma usanathe panali tsiku lofunsidwa pakamwa, limene amalitcha deposition, m'chipinda cha msonkhano ku ofesi ya maloya, popanda jaji, lamulo likuwapatsa maola osapitirira 7. Loya wa kampani anabwera ndi mayankho anga aja m'manja, atawalemba mizere yachikasu m'mbali. Ankawerenga yankho, n'kundifunsanso chomwecho mokhotetsa, kuona ngati pakamwa pasiyane ndi pepala. Atafika pa za msana wakale anakweza maso. Ndinamuuza za kabaza, za bulufeni, za agogo a kutsidya kwa dambo. Anatembenuza tsamba, n'kupeza zonsezo zili momwemo, ndi chithunzi cha buku la kuchipatala kumapeto. Anafunsa mafunso awiri atatu n'kupita pa zina.

Amene anatiimitsa ndi mayi wolemba zonse zolankhulidwa m'chipindamo, amene tsiku lonse anali chete pa kamakina kake, zala zikungothamanga. Anakweza dzanja, n'kupempha kuti liwu limene ndatchula lija ndimutchulire chilembo chimodzichimodzi, lilowe bwino m'kaundula wa khothi. Ndinatembenukira kwa iye n'kuyamba pang'onopang'ono: m, p, h, i, n, i.